Lupanga m'manda a mkazi

  Sabata yamawa kuli 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko lino la Mozambique, ndipo ndikudziwa kuti makapulana ofanana agulidwa kale, atelala sakugona. Ine madzulo ano ndabwera ndi nkhani ya kumanda. Chonde musazime wailesi, ndipirireni pang'ono, muona kumene ndikulowera.

Kwathu kuno munthu wofukula manda ali ndi dzina lake, ndipo si dzina lotchula dzuwa litalowa. Koma kuli ntchito ina yochita kuphunzira, imene ngakhale ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo amaphunzitsa, ya akatswiri ofukula zakale. Iwowa amakumba masana, boma litawalola. Amapala dothi pang'onopang'ono ndi kachitsulo konga ka amisiri omanga nyumba, n'kumasesa ndi kaburashi, ndipo chilichonse chimene apeza, kaya ndi phale, mkanda, khala kapena fupa, amalemba pamene chinagona ndi kuya kwake. Cholinga chawo n'choti anthu amene anafa osasiya kalata alankhule kudzera m'zimene anasiya m'nthaka.

Chimene chandichititsa kuganiza za anthu amenewa ndi maliro amene ndinapitako chilimwe chathachi, kumudzi wina kupitirira Chiuta. Anatisiya anali agogo ena achiyao. Kwawo kwenikweni kunali kumpoto kwa Niassa, cha ku Mavago, ndipo kuno anabwera ndi ukwati dziko litangolandira ufulu. Ine ndinkawadziwa ngati agogo ogulitsa matemba, osalankhulalankhula, oyenda chowerama khosi. Anali Msilamu, choncho amayi anzawo anawasambitsa, n'kuwakulunga m'nsanda yoyera, ife amuna tinasenza jeneza, ashehe anapemphera, tinaika. Titabwerera pasiwa tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo abambo ena okalamba kwambiri, amene tsiku lonse anangoti chete, anaitana zidzukulu za malemu n'kunena kuti, "Ana inu, lero mwaika msilikali. Amayi anuwa anagwira mfuti asanathe n'komwe msinkhu. Ine ndinayenda nawo."

Zidzukulu zinangoyang'anizana. Zinkadziwa kuti agogo awo amalandira kandalama ka omenya nkhondo akale, ka antigo combatente kaja, koma palibe mmodzi yemwe amene anakhalapo pansi n'kuwafunsa kuti, agogo, kunkhondoko munkatani? Inenso sindinawafunsepo, chikhalirecho ndinagula matemba awo zaka zambiri. Pobwerera panjinga mtima unali pa nsanda ija. Pakadzapita zaka 1,000, katswiri wina akadzakumba pamalo paja, adzapeza chiyani chomuuza kuti apa pagona munthu amene anaoloka Rovuma atasenza bokosi la zipolopolo?

Tiyeni tichoke kaye kuno tipite ku Sweden, dziko lozizira la kumpoto kwa Ulaya. Kumadzulo kwa mzinda wa Stockholm kuli nyanja ya Mälaren, ndipo pachilumba china m'nyanjamo panali mudzi wamalonda wotchedwa Birka, wa anthu aja otchuka ndi nkhondo zapamadzi, ma Viking. M'chaka cha 1878 katswiri wina, Hjalmar Stolpe, anatsegula manda amene anawalemba nambala Bj 581. Anali manda a m'zaka za m'ma 900, okumbidwa ngati chipinda, pafupi ndi pamene pankakhala asilikali olondera mudziwo. Munali lupanga, nkhwangwa yankhondo, mkondo, mivi yoboola chovala chachitsulo, chimpeni chachitali, zishango ziwiri, ndi akavalo awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Munalinso tizidutswa ta masewera a pathabwa, tinene kuti bawo ya kwawoko, imene akatswiri amati ndi chizindikiro cha munthu wodziwa kuyala nkhondo. Aliyense amene anaona zimenezi anagwirizana chimodzi: apa pagona mkulu wa asilikali. Mabuku anajambula chithunzi chake, ana asukulu anaphunzira za iye. Kuti ndi mwamuna ambiri sanafunse n'komwe, pakuti lupanga linali litayankha kale.

Zinakhala choncho zaka zoposa 130. Ndiyeno mayi wina wodziwa za mafupa pa yunivesite ya Stockholm, Anna Kjellström, anatenga mafupa aja kuti awayeze pa kafukufuku wina. Munthu wamkulu akafa, mafupa a m'chiuno ndi amene amaulula kwambiri, chifukwa chiuno cha mkazi chinapangidwa motakasuka kuti mwana adutse, ndipo nsagwada ndi chipumi nazo zimathandiza. Mayiyu anaona kuti mafupa a msilikali wotchuka uja ndi a mkazi. Ambiri sanakhulupirire. Gulu lotsogozedwa ndi Charlotte Hedenstierna-Jonson linatenga kachidutswa ka dzino ndi ka fupa la mkono n'kuyeza DNA, uthenga uja umene uli m'thupi la munthu aliyense wonena za chibadwa chake. Zotsatira zinatuluka m'chaka cha 2017. Dzino ndi mkono zinali za munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali mkazi wa zaka zopitirira 30, wamtali pafupifupi masentimita 170.

Apa ndipamene panabuka mkangano, ndipo ine ndimaukonda mkangano umenewu chifukwa umatiphunzitsa kuganiza mosathamanga. Ena anati mwina mafupa anasokonezeka m'mabokosi pa zaka zonsezi. Ofufuza aja anayankha m'chaka cha 2019 kuti fupa lililonse linali lolembedwa nambala ya manda ake, ndipo zikugwirizana ndi zimene Stolpe anajambula. Ena anati zida za m'manda si umboni woti mwini wake anamenyapo nkhondo. Mwina zinali za mwamuna wake, mwina za banja lake, mwina ulemu chabe, popeza wakufa sadziika yekha, amamuika ndi otsala. Anaonjezanso kuti pamafupa ake palibe bala la lupanga. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo sindikufuna kuti tiikankhire kumbali chifukwa choti nkhani ya mkazi wankhondo yatikomera. Komatu akulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Kwa zaka zoposa 130, pamene ankamuyesa mwamuna, zida zomwezo zinali umboni wokwanira, ndipo palibe anafunsa za mabala. Kukayikira kunayamba tsiku limene anadziwika kuti ndi mkazi. Ngati tikufuna mabala, tiwafune kwa onse. Ngati lupanga likukwanira kwa mmodzi, likwanirenso kwa mnzake. Maganizo amene anaphimba maso a akatswiri aja ndi omwe aja timawamva pabwalo kuno, akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Munthu ukakhala ndi mawu amenewa m'mutu, ngakhale uipeze ng'ombeyo ili m'goli, umati yangosochera.

Tsono kwa amene akufuna mabala, mabala aliko. M'zigwa zazikulu za udzu za ku Ukraine, kumwera kwa Russia mpaka ku Kazakhstan munkakhala mitundu ya okwera akavalo, Asikuti ndi abale awo, zaka mazana angapo Yesu asanabadwe. Agiriki akale, monga wolemba mbiri Herodotus, ankasimba za akazi a kumeneko oponya mivi ali pakavalo, ndipo kwa nthawi yaitali ophunzira ankaziyesa nthano zakumoto. Manda atayamba kutsegulidwa ndi kuyezedwa bwino, nthano ija inapezeka kuti ili ndi mafupa. M'zaka za m'ma 1990 Jeannine Davis-Kimball anafukula ku Pokrovka, kumalire a Russia ndi Kazakhstan, n'kupeza akazi oikidwa ndi mipeni ndi nsonga za mivi, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 13 kapena 14. M'chaka cha 2019, pamudzi wa Devitsa m'chigawo cha Voronezh, gulu la Valerii Guliaev linapeza akazi anayi m'chulu chimodzi cha manda. Wamng'ono anali wa zaka 12 kapena 13, wamkulu wa zaka za pakati pa 45 ndi 50 atavala chisoti chagolide, ndipo munali mikondo ndi nsonga za mivi zachitsulo zoposa 30. Chaka chomwecho katswiri wa ku Armenia, Anahit Khudaverdyan, anafotokoza za mafupa a mayi wina wa zaka za m'ma 20 amene anakhalako zaka zoposa 2,500 zapitazo. Mafupa a manja ake anasonyeza munthu wozolowera kukoka uta. M'fupa la mwendo, cha pabondo, munali mutakanirira nsonga ya muvi, bala litapola kalekale, ndipo mafupa ena anali ndi zipsera za kutemedwa. Ameneyu analasidwa, anachira, n'kudzakumananso ndi chitsulo.

Musaganize kuti izi ndi za azungu okha. Inu a kutchalitchi mukukumbukira mdindo uja amene Filipo anamubatiza panjira m'buku la Machitidwe a Atumwi, wosunga chuma cha Kandake. Kandake silinali dzina la munthu mmodzi. Unali udindo wa mafumu aakazi a ufumu wa Kush, umene likulu lake linali Meroë, m'dziko la Sudan la lero. Cha m'ma 25 Yesu asanabadwe, ankhondo a Kush anathira nkhondo midzi ya kumwera kwa Iguputo imene inali m'manja mwa Aroma, n'kugwetsa zifanizo za Kaisara Augusto, yemwe uja analamula kalembera pa nthawi ya kubadwa kwa Yesu. Strabo, Mgiriki amene analemba za nkhondoyi, anati Kandake wa nthawiyo anali mayi wamphamvu wa diso limodzi, ndipo akatswiri ambiri amati ameneyu ndi Amanirenas. Aroma anabwezera, anaotcha mzinda wa Napata, koma mapeto ake anapangana mtendere ndipo Kush sanakhale pansi pa Roma. M'chaka cha 1910 John Garstang akukumba ku Meroë anapeza mutu wamkuwa wa Augusto utakwiriridwa pansi pa masitepe olowera m'kachisi, poti aliyense wolowa aziuponda. Mutu umenewo lero uli ku British Museum ku London. Kufupi ndi Meroë, ku Naqa, pakhoma la kachisi wa mulungu wawo wa mkango anasemapo mfumu Natakamani mbali ina ndi Kandake Amanitore mbali inayo, onse ausinkhu umodzi, aliyense atagwira adani tsitsi, chida chili m'mwamba. Osemawo sanaone chachilendo kuti mayi aime chomwecho. Abale athu achisilamu nawo amadziwa za Nusaybah bint Ka'b, amene anatchinjiriza Mtumiki pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 625 mpaka kuvulala.

Ku Dahomey, m'dziko la Benin la lero, mfumu inali ndi gulu la asilikali aakazi okhaokha, Agojie, amene m'zaka za m'ma 1800 anafika zikwi zingapo ndipo anamenyana ndi Afalansa mu 1890 ndi 1892. Za iwowa umboni ndi wochuluka, pali zithunzi, pali zolemba za adani awo, pali zoumba pamakoma a nyumba zachifumu ku Abomey. Koma ndinene mosabisa kuti Agojie omwewo ankagwiranso anthu amene ankagulitsidwa ukapolo. Ife a m'mbali mwa Chilwa, kumene magulu a akapolo ankadutsa kupita kugombe, kumene agogo a agogo athu ankathawira kumapiri ndi kuzilumba, sitingayamikire lupanga chifukwa chongoti lili m'dzanja la mkazi. Nkhondo ndi nkhondo. Chimene ndikulimbira ine n'choti mbiri inene zoona za amene analipo.

Tibwerere kwathu. Nthaka yathu ndi youma mtima pa nkhani yosunga. Dothi lofiira la katondo ndi mvula yathu zimadya fupa, uta ndi wamtengo, muvi ndi wabango, chishango ndi chachikopa, ndipo chiswe sichisiya kanthu. Nsonga yachitsulo imasanduka dzimbiri. Chimatsala kawirikawiri ndi phale, mkanda ndi mwala. Mafupa akalekale amapulumuka makamaka m'mapanga, mouma. N'chifukwa chake ku Malawi mafupa amene anathandiza kwambiri anachokera kuphiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira cha ku Nyika, ndi ku Chencherere ku Dedza. Chaka chomwe chija cha 2017, pamene dziko linkakangana za mayi wa ku Birka, akatswiri ena anafalitsa DNA ya anthu a m'mapanga amenewa, alenje akale amene miyambo yathu imawakumbukira ndi dzina loti Akafula, wina wa iwo wa zaka pafupifupi 8,100 zapitazo. Ndiye kuti luso lija lafika kale m'dera lathu. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi anafukula likulu la a Kalonga a Maravi n'kupeza mikanda yagalasi, zamkuwa, minyanga ndi mbale zochokera ku China.

M'chigawo chathu chomwe chino cha Niassa muli phanga la Ngalue, kumene Julio Mercader analengeza m'chaka cha 2009 kuti pa zida zamiyala za zaka pafupifupi 100,000 anapezapo timbewu ta ufa wa mapira akuthengo. Ndikufunseni omvera, amene ankapera mapirawo anali ndani? Ndikudziwa kuti ambiri mwayankha kale mumtima kuti anali mayi. Inenso ndinayankha chomwecho nditangomva. Komatu mwala woperera sunena dzanja limene linaugwira, monganso lupanga la ku Birka silinanene. Ku Peru, m'mapiri a Andes, munthu wa zaka 9,000 zapitazo amene anaikidwa ndi zida zonse za mlenje wa nyama zikuluzikulu anapezeka mu 2020 kuti anali mtsikana wosafika zaka 20. Msampha umene unakola akatswiri a ku Sweden tonse tili nawo m'mutu.

Pali chinanso chimene nthaka singasunge. M'mitundu yathu yotsata kuchikazi, Anyanja, Ayao, Amakhuwa ndi Alomwe, mphamvu ya mayi pa nthawi ya nkhondo nthawi zambiri sinali pamkondo. David Livingstone, amene anafika panyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, analemba za mfumu yaikulu yaikazi, Nyango, imene inkalamulira mbali ina ya chigwa cha kumtunda kwa Shire. Ku Msinja kunali Makewana, mayi wa ana onse, wopempha mvula. Pakati pa Amakhuwa, mwene sayenda yekha, pambali pake pali apwiyamwene, amene amathira ufa wa makeya kwa mizimu, ndipo Ayao ali ndi mbopesi yawo. Ku Majune mpaka lero kuli ufumu wa Achivanjila, umene unayamba ndi mayi wogwidwa ukapolo ali wamng'ono, n'kudzakhala mkazi wamkulu wa Mataka woyamba wa ku Muembe. Amuna asananyamuke ulendo woopsa ankadikira dzanja la mayi wothira ufa. Tsono ufa wothira patsinde pa mtengo umatha ndi nyerere tsiku lomwelo. Wofukula adzapeza chiyani?

N'chifukwa chake ndikuti umboni wathu waukulu sunalowe m'nthaka, ukadali kuyenda, ngakhale ndi ndodo. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964. Pa 4 Malichi 1967 atsikana 25 oyamba anayamba maphunziro a usilikali ku Nachingwea m'dziko la Tanzania, ndipo apa ndipo panabadwira Destacamento Feminino, gulu la asilikali aakazi la FRELIMO, limene anthu amangoti DF. Mmodzi mwa oyambawo anali Marina Pachinuapa. Amuna ena m'chipanimo sankafuna kuti akazi agwire mfuti, koma msonkhano waukulu wachiwiri, umene unachitikira ku Matchedje m'chigawo chathu chino mu Julaye 1968, unalimbikitsa gululi. Josina Machel, amene timamukumbukira pa 7 Epulo, anali wa DF. Anayenda m'nkhalango za Niassa kuona za ana amasiye a nkhondo, ndipo anamwalira ku Dar es Salaam pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25. Iyeyo dzina lake lili pa zipatala, pa masukulu ndi pa misewu, ndipo mafupa ake ali ku Praça dos Heróis ku Maputo. N'zomuyenera. Koma Josina sanali yekha.

Atsikana a m'midzi ya Niassa analowa nkhondoyi ambiri ali ana. Anaphunzira kumasula mfuti ndi kuimanganso. Ankalondera misasa, ankasamalira ovulala, ankalima ndi kuphikira asilikali, ankayenda m'midzi kufotokozera anthu cholinga cha nkhondo, ndipo ena anaombera ndi kuomberedwa. Ntchito imene inawadya kwambiri inali yamtengatenga: kusenza zida ndi zipolopolo kuchokera kumalire a Tanzania, ulendo wa masiku ambiri m'thengo, ndege zili pamwamba, njala ili m'mimba, ena mwana ali kumbuyo. Madzi a Chiuta athu omwewa amatsikira ku Amaramba, n'kukhala mtsinje wa Lugenda, n'kukathira mu Rovuma. Njira imene madzi amatsika mosavuta, iwo ankaikwera wapansi ndi katundu pamutu. Alipo amene amati wosenza si msilikali. Ine ndimawafunsa kuti mfuti yopanda chipolopolo imasiyana bwanji ndi mpini wa khasu? Mayi wina wofufuza wa ku Finland, Jonna Katto, anakhala m'Niassa muno n'kucheza ndi amayi a DF olankhula Chiyao oposa 30, ndipo analemba buku la zimene amakumbukira. Ndimamuthokoza. Koma zimandipweteka kuti munthu anachita kuchoka ku Helsinki kudzafunsa mafunso amene ife, odya nawo mbale imodzi, sitinafunse.

Pepala nalo limadya anthu ngati chiswe. Nkhondo ya zaka 16 itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, bungwe la United Nations linalemba asilikali a mbali zonse ziwiri amene anatula zida. Anapitirira 92,000, koma akazi m'kaundulamo sanafike 1,500. Inu amene munaiona nkhondo imeneyo, amene munathawira ku Malawi kudzera pa Nayuchi kapena pabwato, mukudziwa kuchuluka kwa atsikana amene anatengedwa kupita kumisasa, kukasenza, kukaphika, kukakwatiwa mokakamizidwa, ena kukagwira mfuti. Ambiri sanalembedwe paliponse. Anabwerera kumudzi mwakachetechete, n'kutenga khasu. Iyi ndi nkhani yowawa, ndipo si aliyense amene angafune kuitsegula. Amene safuna tisamukakamize.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Anyamata oumba njerwa, okumba zimbudzi ndi zitsime, ndi inu olima m'madimba nyanja ikaphwa, mukakumana ndi mapale okhala ndi zolembalemba, mikanda, nsonga zachitsulo kapena mafupa, musamwaze ndipo musagulitse. Siyani pomwepo, kauzeni amfumu ndi a zachikhalidwe kuboma. Lamulo la dziko lino la chaka cha 1988 limateteza zinthu zotere, ndipo chinthu chikachotsedwa pamene chinagona chimakhala chataya theka la nkhani yake. Chachiwiri ndi cha inu zidzukulu. Pa 7 Epulo, magule akatha, makapulana atavulidwa, tengani foni yanu ija mumajambulira nyimbo, mukakhale pamphasa pafupi ndi agogo. Musayambe ndi funso loti munapha angati. Afunseni kuti anachoka kwawo ali ndi zaka zingati, anawatenga ndani, amayi awo ananena chiyani. Afunseni kuti Rovuma anaolokera pati, katundu ankalemera bwanji, nkhata ankapanga ndi chiyani, ankadya chiyani ufa ukatha. Makamaka afunseni maina a anzawo amene sanabwerere, ndipo muwalembe m'kope. Akatopa alekeni, mudzabwerenso mawa.

Ine ndinabwerera kumudzi kuja pa sadaka ya masiku 40. Mdzukulu wina wamkazi anatulutsa kasutikesi kachitsulo kamene agogo aja ankasunga kunsi kwa bedi. Munali makapulana awiri osavala, khadi la omenya nkhondo akale, ndi kachithunzi kakang'ono kofiirira ndi ukalamba: atsikana asanu atavala mabuluku, ataima pamzere, mfuti zikuwafika pafupifupi paphewa. Kuseri kwake kunali maina asanu olembedwa ndi pensulo, atatu atafufutika. Tinapita nako kwa abambo okalamba aja. Anakayang'ana nthawi yaitali, akukatembenuzira kudzuwa, n'kuloza wachiwiri kuchokera kumanzere kuti malemu ndi awa. Mmodzi mwa ofufutikawo anamutchula dzina ndi mudzi wa kwawo. Za awiri enawo anati mutu walemera, ndidzabwere akakolola mpunga, adzayesa kukumbukira. Mpunga wayamba kucha m'madambo a Chiuta, ndipo ndauza kale mdzukulu uja kuti akonze kope, ine ndibwera ndi foni yodzaza moto.